Dzenje la Gasi Kuseri kwa Fakitale

Amuna anga ntchito yawo inali yosamala dzenje. Ine ndinali wokolopa pa fakitale yomweyo, yophera ng'ombe ndi kukonza nyama, kunja pang'ono kwa tauni ya Mzuzu. Tinkakhala ku Ching'ambo, ndipo m'mawa uliwonse tinkayenda limodzi m'nkhungu, iwo patsogolo ine pambuyo, mpaka pageti.

Dzenjelo linali kuseri kwa fakitale. Analimanga ndi njerwa ndi simenti, lakuya kuposa msinkhu wa anthu awiri, ndipo pamwamba anavundikirapo chimgolo chachitsulo. Madzi onse otsukira pophera, a magazi, mafuta ndi za m'matumbo a ng'ombe, amene kale ankangotsikira kudambo n'kumakanunkhira anthu, tsopano ankadutsa m'ngalande n'kulowa m'menemo. Zikamawola motsekedwa choncho zinkatulutsa gasi. Gasiyo akachuluka chimgolo chinkakwera, ndipo paipi inkamutengera kukhitchini ya antchito. Mzungu amene anabweretsa nzeruzo anakhala miyezi yochepa, n'kusiyira amuna anga kabuku ndi sipanala.

Iwo anali a ku Nkhata Bay, anthu okonda sukulu, moti kabukuko anakawerenga mpaka masamba anathothoka. Ankati m'dzenjemo muli tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya zonyansazo n'kumapuma gasi. Ankati timadana ndi mphepo, timadana ndi kuzizira, ndi zina zambirimbiri zimene ankanditchulira tikudya. Ine ndinkangoti "eya, eya," maso ali pa ana. Chisanu cha mu Juni chikafika ankafunditsa chimgolocho masaka ndi udzu, pamene ife kunyumba tinkalimbirana bulangete limodzi. Ndiye dzenjelo ndinkalitcha mkazi mnzanga. Ndikawafunsa kuti, "Kaya wadzuka bwanji mnzanga uja?" ankayankha osaseka n'komwe: "Akupuma makora, amama," kutanthauza kuti akupuma bwino.

Tsiku lina kunabwera uthenga wakuti anduna adzafika kudzayatsa moto wa gasiyo pamaso pa anthu. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo aliyense ankadziwa chochita kukamabwera mlendo wotere. Miyala inapakidwa laimu. Mitengo inapakidwa laimu mpaka m'chiuno. Bwenzi atapakanso ndi ng'ombe zomwe, zikanakhala kuti zimaima chilili. Amayi tinkaweruka msanga kukaphunzira nyimbo, ndipo bwana wa fakitale ankayeserera kuyatsa sitovu kangapo pa tsiku, mpaka gasi amene anali m'chimgolo anatsala pang'ono.

Kutatsala masiku anayi, amuna anga anawatuma ndi lole kukadula mitengo yomangira chisakasa cha alendo. Akapitawo athu a pa ntchito anatipatsa ife okolopa zigubu za mankhwala akuda ophera majeremusi, aja amayera ngati mkaka ukawathira m'madzi.

"Kwechani chomene, amama," anatero akapitawowo. "Ntchentche ngakhale imodzi ndisaione pano."

Tinakwecha. Nditamaliza pophera ndinazungulira kuseri, ndipo ngalande yopita kudzenje inandilandira ndi fungo lake. Ndinaganiza kuti anduna adzaima pomwepa, amuna anga ali pambali pawo atavala jekete la pa ukwati wathu, ndiye mlendo azidzagwira mphuno? Palibe anandituma. Ndinatenga zigubu ziwiri zotsala, ndinakhuthulira m'ngalandemo osasungunula n'komwe, ndikutsatiza ndowa zingapo za madzi kuti mankhwalawo alowe bwinobwino. Ndinapita kunyumba ndikudzitama chamumtima.

Masiku ena onse, pophera pakamatsukidwa ndi mankhwala, amuna anga ankatseka ngalandeyo ndi kathabwa kuti madziwo apite kwina. Kathabwako ndinkakaona tsiku ndi tsiku. Ndinali ndisanafunsepo kuti n'kachiyani.

M'mawa mwake chimgolo sichinakwere. Amuna anga anagwada pa ngalande, ananunkhiza, n'kudzuka. Anapita kwa bwana kukapempha kuti mwambowo ausunthire tsiku lina, chifukwa tizilombo tafa ndipo kuti tina tiyambe pafunika ndowe zatsopano ndi masabata angapo. Bwana anawafunsa ngati akhale iwowo okauza anduna kuti adikire ndowe. Choncho masiku otsalawo anangokhalira kututa ndowe zatsopano pa wilibala, kuthira m'dzenje, kuika khutu pa chimgolo.

Ine nditangomva mawu akuti tizilombo tafa ndinadziwa amene watipha. Ndinafuna kuwauza amuna anga pa chakudya. Ndinawagwadira ndi beseni la madzi osamba m'manja, iwo anayang'ana manja anga kanthawi, kenaka anasamba.

Tsikulo tinavala nsalu za chipani ndi kuima m'mizere kuyambira m'mawa, kamvula kakuwaza. Sitovu anaitulutsa panja, anaiika patebulo loyala nsalu yoyera, paipi yaitali ikuchokera kudzenje. Anduna analankhula za chitukuko mpaka miyendo yathu inachita dzanzi. Atamaliza, amuna anga anatsegula kampopi ka gasi, anduna anayatsa machesi. Mtengo woyamba unazima. Wachiwiri unapsa wonse mpaka kuwatentha zala. Wachitatu anauyandikiza kwambiri, ndipo kampweya konunkha mazira owola kanatuluka mu sitovu n'kuuzimitsa.

Ife tinkangoimbabe, chifukwa palibe anatiuza kuti tisiye. Ndinkaimba, ndikuwomba m'manja, ndikuona msana wa jekete lija. Sindinamve mantha, sindinamve chisoni. Ndinkangosamala kuti phazi langa lisaphonyane ndi la mnzanga wa pambali.

Masiku amenewo chinthu sichinkawonongeka chokha pamaso pa nduna. Pankayenera kupezeka munthu wochiwononga. Mawa lake masana kunabwera amuna awiri ovala masuti, anatisonkhanitsa antchito tonse pabwalo. Mmodzi anafunsa mofatsa, ngati akufunsa njira, kuti ndani anathira mankhwala m'dzenje pofuna kuchititsa boma manyazi. Amayi anzanga okolopa anayang'ana pansi, ndipo awiri mwa iwo anandiona tsiku lija ndikukhuthula zigubu. Akapitawo anali kuwerenga zala zawo. Ndikuganiza kuti ndinatsegula pakamwa, koma mpaka lero sindikudziwa ngati ndinatseguladi.

Amuna anga anatuluka pamzere. "Dzenje ndi langa, bwana," anatero. "Thabwa ndinaiwala kutseka ndine."

Anawalozera galimoto. Asanakwere anapisa m'thumba, anandipatsa sipanala ndi kiyi wa nyumba.

"Mukaphikire ana, amama."

Ndinakaphikira ana. M'mawa mwake ndinapita kuntchito, pakuti ng'ombe zinaphedwabe ndipo magazi ankafunika wokolopa. Ku Ching'ambo anthu amene ankandikuwira "Mwawuka uli" ali patsidya pa msewu anayamba kuona zina ndikamadutsa. A kutchalitchi ankabwera mmodzimmodzi, osakhalitsa. Kumene anawatengera amuna anga sindinafunse, chifukwa ofunsa nawo ankatsatira komweko. Sindinalire. Ndinkadikira misozi ngati mmene umadikirira madzi pampopi wouma, koma sinabwere. Ndinkadya, ndinkagona, ndinkachapa mayunifolomu a ana, ndipo zonsezo zinali ngati akuchita munthu wina.

Dzenje analisiya. Palibe ankafuna kuonedwa pafupi nalo. Koma zimene amuna anga ankanena pa chakudya zija zinayamba kundibwerera chimodzichimodzi, ngakhale ndinkayesa kuti sindinkamva. Nthawi yopuma masana ndinayamba kututa ndowe pa wilibala yawo ija. Tikamatsuka ndi mankhwala ndinkatseka kathabwa. Kukazizira ndinkafunditsa masaka. Palibe anandituma, palibenso anandiletsa. Patapita miyezi iwiri chimgolo chinakwera. Wophika tiyi anayatsa sitovu ndi mtengo umodzi wa machesi, moto wabuluu unayaka, popanda nyimbo, popanda nsalu yoyera. Bwana anamwa tiyi wake osafunsa chimene chamuwiritsa.

Amuna anga anabwerako dzinja lachiwiri litadutsa. Ndinawapeza masana atakhala pakhonde, mutu wometedwa mpala, mano awiri akutsogolo palibe, mapazi atatupa. Ana anali ataima chapatali akuwayang'ana ngati mlendo. Sanafotokoze za kumene anali, nanenso sindinafunse. Ndinaphika, ndinabwera ndi beseni, ndinagwada.

"Mnzanu uja?" anafunsa.

"Akupuma," ndinatero.

Anagwedeza mutu. Mawu amene ndinawasunga nthawi yonseyo anatuluka okha.

"Abambo, mankhwala aja..."

"Ndikudziwa, amama," anatero. "Manja anu ankanunkha mpaka tsiku londitenga."

Anasamba pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Kenaka anati "Yewo," monga ankanenera masiku onse, n'kuyamba kudya. Ndinakhala chigwadire ndi madzi akudawo mpaka mwana wamkulu anadzandilanda beseni.

Ntchito sanawabwezere, ndipo iwo sanapitenso kukaliona dzenjelo. Miyendo sinkawalola kuyenda mtunda. Nkhani ya mankhwalayo sitinaikambenso, ngakhale kamodzi, mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Ine ndinagwirabe pa fakitalepo zaka zingapo, ndikuyenda ndekha m'nkhungu muja. Koma m'mawa uliwonse ndikamatsegula chitseko, ankandiitana ali chigonere.

"Amama, kathabwa."

Ine ndinkati eya.