Mtovu m'Nyama ya Che Wahab

Amalawi a ku Lanham ndi ku Germantown, makamaka opemphera Lachisanu, sankafunsa mafunso akalandira nyama ya gwape yochokera kwa Che Wahab. Ankangoti alhamdulillah, n'kuika m'filiji. Dzina la munthu likafika pamenepo ndiye kuti mwini wake walisamala.

Che Wahab anabadwira ku Ntaja, ndipo kwawoko mfuti ankangoiona paphewa pa apolisi. Kuno ku Maryland agwira ntchito zaka khumi ndi zisanu m'nyumba yosungira katundu ku Landover, kuyendetsa kagalimoto konyamula mabokosi. Ulenje anauphunzira imvi zitayamba kale, kwa mnzawo wina wakuntchito, koma anaugwira mwaulemu ngati swala, pemphero la Chisilamu. Novembala akamatha ankakwera mapiri a kupitirira Frederick, komwe mfuti yaikulu imaloledwa.

Malamulo awo anali ochepa koma ouma. Gwape sawombera kumutu: mutu ndi waung'ono, sukhazikika, ukaphonya pang'ono wathyola nsagwada, nyama n'kukafera kutali ndi njala. Pamimba ndiye ayi ndithu. Ankadikira kuti gwape aime chammbali, n'kulunjika kuseri kwa mwendo wakutsogolo, pomwe pali mapapo ndi mtima, Bismillah n'kutuluka chala chisanakoke. Akapanda kuima bwino, apite. Zaka zina ankabwerako chimanjamanja, akazi awo a Rukaya n'kumawaseka kuti anapita kukawerenga mitengo. Chipolopolo nacho chinali cha mkuwa basi. Cha mtovu chimasweka m'thupi, tizidutswa n'kumwazikira m'nyama, ndipo iwo ankati sangadyetse ana a eni zimenezo.

Zaka zinayi zapitazo anayamba kuyenda ndi Lukman, bambo wa ana awiri woyendetsa lole, wa ku Namwera. Paja chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo gwape wakufa kumukoka wekha paphiri si masewera. Anamuphunzitsa zonse, mpaka kagwiridwe ka mpeni.

Chaka chino Che Wahab kuthengo sanapondeko n'komwe. Anachitidwa opaleshoni ya diso lakumanja, lomwe amalunjikira, dokotala n'kuwaletsa mfuti mpaka chaka chamawa. Ndiye tangoganizani mmene anadabwira Lachisanu lina masana, akutuluka mumzikiti, pamene Zuwena, mwana wa mlongo wawo, woyembekezera miyezi isanu ndi iwiri, anawakokera pambali n'kutambasula kapepala. Munali kanthu kotuwa, kukula ngati njere ya mpunga.

"Amalume, ndaluma aka m'nyama mwatumiza ija. Kodi n'koopsa?"

"Nyama iti?"

"Yabwera ndi a Lukman. Anati amalume ako akupereka moni, gawo lako ili."

Che Wahab anakakanda ndi chikhadabo. Kanali kofewa. Mtovu! Anauza Zuwena kuti yotsalayo asaikhudze, ndiponso akawauze a kuchipatala, kenako anakamupeza Lukman poimika magalimoto, kiyi ali kale m'manja.

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula, koma uyu anayankhula, maso ali pansi. "Achimwene, musakwiye. Zipolopolo za mkuwa zinatha m'sitolo, ndinagula zomwe ndinapeza." Anakhala pachisanu kuyambira m'mamawa, gwape n'kutulukira akuyenda osaima, iye n'kuwombera chomwecho. Chipolopolo chinalowa pamimba. Gwape anathawa, ndipo anakamupeza mawa lake atafera mumtsinje, mutu uli m'madzi.

Abale inu! Nyama ukaipeza m'madzi, udziwa bwanji ngati yafa ndi chipolopolo kapena yamira? Chimenecho n'chibudu, nyama yofa yokha, Msilamu sadya, ndipo Lukman anazimva zimenezi pakamwa pa Che Wahab pomwe, osati kamodzi.

"Nanga dzina langa unalitchuliranji?"

"Ndikanati ndi yanga akanandifunsa mafunso," anatero Lukman. "Yanu safunsa."

Mawu amenewo anawapweteka kuposa mtovuwo. Munthu wodya naye m'mbale imodzi, wokwera naye galimoto imodzi zaka zinayi, kuwadyera masuku pamutu chotere! Sanamutukwane, sanamugwire pakhosi, ngakhale manja ankayabwa. Anangomuuza kuti atchule makomo onse amene anafikako. Analipo asanu ndi anayi.

A Rukaya anati, "Bambo, ingoimbani foni, munene kuti nyamayo yawonongeka, ataye. Mudzivuliranji pagulu?" Iwo anakana. Bodza limodzi lakwana, anatero, lachiwiri lisachokere kwa ine.

Loweruka m'mawa a Rukaya anagwira chiwongolero, chifukwa diso lija silinali lokayendera pamsewu waukulu. Khomo ndi khomo Che Wahab ankavula nsapato, kukhala pansi, n'kunena zonse mmene zinalili: pamimba, mtovu, mtsinje. Ena anawapepesa. Mayi wina anathamangira kukhitchini kukaphula mphika. Wina anangoti kukamwa yasa, chifukwa ana ake anali atadya kale sabata yonse. Manyazi anali a Lukman, koma wowasenza anali iwo.

Khomo lomaliza linali la Che Idrissa ku Germantown, mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri amene amatsogolera swala shehe akachoka. Anamvetsera mpaka kumapeto osawadula, n'kutulutsa m'filiji mapaketi atatu otsala, kuwapatsira ndi manja awiri. Powaperekeza pakhomo anayankhula motsitsa, mopanda mkwiyo uliwonse.

"Inu sindikukuimbani mlandu, Che Wahab. Koma ndifunseko chimodzi. Nanga ya chaka chatha ija, tinadya pa ukwati wa mwana wanga, munawombera ndinu?"

Che Wahab anakumbukira. Chaka chatha agwape anali awiri. Mmodzi anapha okha, winayo anabwera naye Lukman tsiku lomwe iwo anali kuntchito, atamusenda kale, ndipo nyama yonse anaiphatikiza patebulo limodzi.

"Sindikudziwa," anatero.

Che Idrissa anagwedeza mutu, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.