Bokosi la Bambo Wendelin

Lachiwiri lapitali tidaika m'manda Bambo Wendelin Haslach, amene adaphunzitsa ukalipentala pasukulu ya ntchito zamanja ya kwathu kuno m'chigawo cha Allgäu kwa zaka makumi anayi. Tchalitchi chidadzaza mpaka pakhomo. Koma amene adawadziwa kuposa tonsefe ndi Bambo Korbinian Zeller, pakuti palibe amakuyang'anitsitsa ngati munthu wokuchitira nsanje.

Awiriwa adalowa sukuluyo tsiku limodzi ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Wendelin adali mwana wamasiye, m'thumba mwake munkangokhala buledi wouma ndi kolona. Luso lidali mwa Korbinian: akalumikiza matabwa, ngakhale tsitsi silinkalowa pakati. Wendelin ankachedwa, ankayeza katatu, ndipo sankagwira sowo asanachite chizindikiro cha mtanda. Komabe tsiku lomaliza maphunziro, mphunzitsi wawo adakumbatira Wendelin, Korbinian n'kungomugwira chanza. Korbinian mtima udamuwawa, ndipo sudapole.

Onse awiri adadzakhala aphunzitsi pasukulu yomweyo. A Korbinian ankasankha ophunzira anzeru, a Wendelin n'kumatola otsala, aja othamangitsidwa kwina. "Thabwa lopindika nalonso lili ndi malo ake padenga," ankatero. A Korbinian akamva mawuwa ankangotsonya.

Chaka chimene sukulu idamanga denga la holo ya parishi, mapulani adajambula a Korbinian. Koma ulemu woimirira pamwamba pa mapaso, kuthokoza Mulungu ndi kuswa tambula ya vinyo monga mwa mwambo wathu denga likaimikidwa, parishi idaupereka kwa a Wendelin. Dzulo lake a Korbinian adaona kuti wophunzira wina wa mnzawoyo wafupikitsa phaso limodzi. Adakhala chete dala, kuti woyerayo achite manyazi pagulu. A Wendelin adalionera ali pamwamba pomwepo, nauza khamu lonse kuti, "Cholakwa ndi changa, sindidayang'anenso. Mundikhululukire." Anthu adaomba m'manja, ena mpaka misozi. Paphwando la tsiku limenelo soseji idawakanika a Korbinian kumeza.

A Wendelin, akazi awo atamwalira, sadadandaule, ndipo Misa ya m'mawa sadaijombepo. Atagona pa matenda awo omaliza, ophunzira awo akale adayamba kulimbirana kuti bokosi la maliro apanga ndani. Koma a Wendelin adaitanitsa a Korbinian.

"Bokosi langa upange ndiwe," adatero a Wendelin.

"Ine? Ana ako asukulu adzaza khonde lonseli, manja awathawa?"

"Iwo amandikonda, koma kulumikiza matabwa sadziwa. Nanga si adaphunzira kwa ine! Korbinian, zaka makumi asanu ndi limodzi ndakhala ndikuchita nawo nsanje manja akowo, mpaka kudwala nayo. Ansembe atatu adatopa nalo tchimo limeneli. Undikhululukire, mnzanga."

A Korbinian adafuna kuulula za phaso lija. Koma pamene ankati alimbe mtima, mnzawo adali atagona tulo. A Wendelin adamwalira mwamtendere m'mawa mwake.

Bokosilo tidaliona tonse, lopanda msomali ngakhale umodzi. A Korbinian adalipanga okha masiku atatu, osalola munthu kugwirako. Tikumbukire chitsanzo cha m'bale wathu Wendelin, amene adasenza tchimo lake mwakachetechete mpaka kukalitula pamapazi pa amene adamulakwira.

Loweruka a Korbinian adaoneka pamzere wa olapa, koyamba m'zaka zambiri. Mayi wina amene adaima kumbuyo kwawo adawamva akung'ung'udza, misozi ili mbwembwembwe: "Ngakhale pa kulapa wanditsogolera, Wendelin ameneyu."