Ambulansi Yomwe Idatenga Amayi

Dzulo pa Jenda ndidaona ambulansi yatsopano, mipando yake ikadali m'mapulasitiki, ndipo ndidasiya kudya nthochi yanga nkuima kuiyang'ana.

Ndili mwana, bambo ankaphunzitsa pa boma la Mzimba, kutali ndi kwathu ku Ntcheu. Chipatala chinali ndi ambulansi yadzimbiri, yolira mochita kukankha. Idasowa miyezi ingapo, kenaka idatulukira yoyera mbee, ikununkha penti, amayi a chipani nkuivinira. Ndidafunsa dalaivala wake, a Jere, komwe adagula yatsopanoyo.

"Ndi yomwe ija, mwana wane," adatero. "Idangopita kukakonzedwa, mbwenu yabwera yatsopano."

Choncho tsiku lomwe idafika pakhomo kudzatenga amayi, omwe ankatsokomola magazi, ine ndidakondwa. Ndidauza anzanga kuti amayi akukakonzedwa ku chipatala chachikulu, abwera onenepa. Atawagoneka pa machira, amayi adandigwira dzanja. Chikhatho chawo chinkatentha.

"Amayi, mukawauze akupakeninso penti," ndidatero.

Adaseka mpaka chifuwa chidawadula. "Ndikawauza, Esinati. Uzimvera bambo ako."

Ambulansi idabwerako Loweruka, ikuyenda pang'onopang'ono. Ndidaithamangira ndikuwomba m'manja, koma a Jere adayang'ana kumbali. Bambo adatsika okha, nsapato za amayi zili m'manja, ndipo aneba adayamba kulira. Ine ndinkasuzumirabe pawindo kuti ndikhale woyamba kuwaona.

Lero ndikudziwa kuti amayi adaseka kuti ndisachite mantha. Aliyense pabwalo paja ankadziwa kuti galimotoyo ikungowaperekeza.