Nkhuni za Sitima

Njanji itafika ku Sharpevale ndidali nditangokwatiwa kumene, amuna anga ali ku Joni. Sitima za masiku amenewo zinkayendera nkhuni, ndipo kapitawo wina adazungulira midzi ya ku Bwanje kunena kuti mzungu akugula mitsanya, yodula mofanana, younjika m'mbali mwa njanji. Alongo anga adanola nkhwangwa tsiku lomwelo. Iwo ankadula, ine ndinkasenza. Sindingabise: nsalu yanga yoyamba ya m'sitolo idachokera m'mitengo imeneyo, ndipo ndinkaivala monyada popita ku tchalitchi.

Mitsanya ya pafupi itatha, padatsala mibawa ndi misangu ya m'mphepete mwa mtsinje, kumtunda kwa dimba la mayi. M'dimbamo mudali nthochi, nzimbe ndi chimanga chimene chinkatipulumutsa nkhokwe ikatha.

"Imeneyo muisiye," adatero mayi. "Mizu yake ndi imene yagwira gombe."

"Ndikaisiya ine, mawa adula ena," alongo anga adayankha. "Ndiye tiluza mitengo, tiluzanso ndalama."

Ine sindidawathandize mayi kukana. M'mawa mwake ndidamanga nkhata yanga ngati masiku onse.

Dzinja lotsatira mvula idagwa kumapiri masiku awiri osakata. Madzi adatsika masanasana, ofiira, atanyamula zitsa. Gombe lidagumuka tikuona. Madzi ataphwa, pamene padali dimba padatsala mchenga wokhawokha, nsonga za nthochi zikungosuzumira.

Mayi adatenga khasu. Adakumba masiku atatu kufunafuna dothi lakuda, dzenje mpaka kufika m'chiuno, koma ankangotulutsa mchenga. Tsiku lachitatu ndidawapeza atakhala pansi m'dzenjemo.

"Tiyeni kunyumba, mayi," ndidatero.

"Dothi lija lapita kuti, mwanawe?" adandifunsa, ngati kuti ine ndikudziwa.

Kapitawo adasamukira kwina kumene mitengo idali isadathe. Alongo anga adayesa kumudandaulira asadapite, iye n'kungoti adagula nkhuni, sadagule mtsinje. Pasadathe mwezi alongo anga adalowera ku Halale, osatsazika mayi pamaso.

Chilimwe chimenecho chitsime chathu chidauma msanga, ndipo tinkachita ganyu yolipidwa gaga. Potsiriza mayi adakwera kumtunda ku Nsipe kukapempha kamunda kwa abale awo. Adawapatsa pamiyala, pozizira, pamene nzimbe sizimera. Adalimapo mbatata zaka ziwiri, ndipo maliro awo tidawaika komweko.