Maluwa a Pansi pa Thandala

Maluwa aja anabwera kwathu ku Feira atamatirira pa buluku la mwamuna wanga. Malungo atamugoneka ku chipatala cha mishoni ku Katondwe, iye, munthu wosatha kukhala chete, ankathandiza sisitere wina kupalira kadimba ka maluwa. Atabwerera kunyumba ndinapeza timbewu takuda titakakamira kumiyendo ya buluku, ndipo ndinamukalipira kuti wandiwonjezera ntchito yochapa. Iye anangoseka, natithothola kamodzikamodzi. Anati sisitere uja amawatcha "usandiiwale".

Feira si dziko la maluwa. Dzuwa lake limaphika dzira pamwala. Koma iye anafesa timbewuto pansi pa thandala la mbale, pamthunzi, pomwe madzi otsukira amadonthera. Nyengo yozizira itafika tinamera, masamba aubweya, kenako timaluwa tabuluu tochepa kuposa chikhadabo cha mwana. Apongozi anga, amayi ake, ankati msodzi wamtundu wanji wolera udzu wosadyedwa.

Anandiphunzitsa zinthu ziwiri. Mbande uzizula ndi sipuni, pamodzi ndi dothi lake, dzuwa litapepa. Ndipo zikauma usazule, ngakhale zinyanse bwanji, chifukwa mbewu zimagwa zokha n'kudikira m'dothi mpaka chaka chinacho.

Nkhondo ya kutsidya itakula, Zambezi inasanduka malo oopsa. Asilikali a kutsidya ankawombera mabwato, ndipo athu analetsa kuwedza. Koma njala ilibe mnansi. Tsiku lina m'mamawa anatenga nkhafi ndi ukonde, nati angofika pafupi ndi gombe. Tinamva mfuti ndikutsuka mbale. Bwato linapezeka kumunsi litabowoka, mwini wake ayi.

Tinadikira mpaka maluwa anauma. Kenako akuluakulu anati tilire maliro, ndipo m'manda tinaikamo malaya ake. Maliro atatha, amayi a pamudzi anabwera kudzasesa monga mwa mwambo: phulusa, zinyalala, fumbi lonse limene olira anapondapo, zonse zikatayidwe kumphambano, kuti imfa ichoke pakhomo. Ine ndinali pamphasa, mutu wometa, ndipo mkazi wamasiye tsiku limenelo sayankhula. Ndinaona mlamu wanga akuwerama pansi pa thandala, akuzula mapesi ouma aja, akupala ndi dothi lomwe kuti pakhale poyera. Sanalakwe, anaona zinyalala. Mtima unandipweteka kuposa pamanda.

Chaka chotsatira ndinkatsukira mbale pathandala ngakhale zoyera kale, kuti madzi adonthe. Sipanamere kanthu.

Maluwawo ndinakawapeza kumphambano, pokatunga madzi. Pamulu wa phulusa uja, mumthunzi wa mtengo wa masawu, panali timbande tochepa. Ndinathamangira kunyumba kukatenga sipuni. Apongozi anandipeza nditagwada, sipuni ili kale m'dothi.

"Apongozi, siyani," anatero motsitsa mawu. "Zimene tasesa sizibwerera pakhomo. Mufuna imfa itsatire adzukulu anga?"

Ndinachotsa sipuni. Ndinawada masiku amenewo, sindibisa. Mwana wawo analibe ngakhale thupi m'manda, ndipo iwo ankandikaniza kaudzu.

Koma patapita nthawi ndinaona kuti dothi la pamulu paja limakhala lonyowa m'mawa uliwonse, ndipo wina anazinga ndi minga kuopa mbuzi. Tsiku lina ndinawaona apongozi, chitini cha madzi kumanja, akuyenda mwakachetechete ngati wakuba. Sindinawafunse. Iwonso sanandiuze. Maluwa anachita, kenako anauma, ndipo iwo anapitirizabe kupitako.

Mabomba atayamba kugwa pafupi ndi msika, tinauzidwa kuti amayi ndi ana tichoke m'mbali mwa mtsinje. Lole inatinyamula kupita ku Mburuma, kwa achibale. Inadutsa pamphambano pomwepo, ndipo tayala lake linaponda minga ija. Apongozi anayang'ana kumbali. Ine ndinaganiza kuti basi, mwamuna wanga wathera pamenepo.

Ku Mburuma anatipatsa kanyumba ka mbuzi kosesa. Madzi anali kutali, ana akulira njala. Madzulo apongozi anakhala pakhonde atatambasula miyendo, n'kuyamba kuthothola zinthu m'mphepete mwa chitenje chawo, chija ankavala popita kumphambano. Anachedwa nazo, chifukwa maso anali atayamba kufooka. Kenako anandiitana, nandiuza kuti nditambasule dzanja.

Anaikamo timbewu takuda tija.

"Ine sindinatole kanthu," anatero, osandiyang'ana. "Mwana wanga wandigwira yekha chitenje. Ali mwana ankatero ndikafuna kumusiya."