Make Mapasa pa Benchi la Odwala Shuga

Inu amene ntchito yanu inakanidwa ndipo mwatsala pang'ono kungoisiya, tamvani za Make Mapasa.

Tsiku limene anam'bwezera kafukufuku wake, anatuluka m'chipinda cha mayeso misozi ili lengelenge. Anali namwino, mkazi wamasiye, amene anabwerera kusukulu imvi zitayamba kale kusuzumira. Ntchito yake inali yomasulira mafunso ochokera kunja, oyezera mmene odwala shuga akuumvera moyo wawo, n'kuona ngati angagwirenso ntchito m'chinenero cha kwawo. Anamasulira mosamala, n'kufunsa odwala ambirimbiri. Koma zotsatira zake zinali zochititsa manyazi: aliyense ali bwino. Wodulidwa phazi ali bwino, wosaona ali bwino.

Pulofesa wamkulu sanam'bisire mawu. "Mayi, ngati odwala anu akusangalala chonchi, titseke chipatala. Sikelo yanu ya mafunsoyi sikuyeza kanthu. Mwayi wakutsalirani umodzi. Mukalepheranso, sukulu yathera pomwepo."

Kunyumba mlamu wake anathira mchere pabala. "Mlamu, mapasawa akufuna mayi, osati mapepala. Pamsinkhu wanuwu mukulimbirananso mabenchi ndi ana?"

Zinam'pweteka kwambiri, chifukwa iyenso mumtima ankaganiza zomwezo.

M'mawa wina, tsiku lake lopuma, anapita kuchipatala atavala zapakhomo, kuti akatole mapepala otsala akawotche. Anapeza ofesi ili yokhoma, choncho anakhala pa benchi la odwala shuga kudikira wa makiyi. Palibe anam'zindikira. Pajatu odwala amadziwa yunifolomu, nkhope ayi.

Ndipo benchilo linkalankhula.

"Ine kuyendetsa basi ndinasiya," anatero bambo wina. "Ungaimitse kangati kuti ukataye madzi? Okwera ankanditukwana."

"Ine kumaukwati sindipondako," anatero mayi wa pambali pake. "Ukakana chakudya akuti ndiwe wonyada. Ukadya, ukadzukira muwodi."

Make Mapasa anam'kumbukira dalaivalayo. Anali mmodzi wa anthu amene anayankha kuti zonse zili bwino.

"Bambo, nanga anamwino atakufunsani, munawauza zimenezi?"

"Aa, mayi! Munthu akukupatsa mankhwala, iwe n'kumudandaulira m'maso muli gwa? Ndi mwano umenewo. Komanso mpongozi wanga anali pomwepo, wandiperekeza. Ine ndiulule mavuto anga pamaso pa mkazi wa mwana wanga? Ndiye anamwinowo anandifunsanso ngati ndimasamba ndekha. Kusamba ndimasamba."

Apo m'pamene maso ake anatseguka. Mawu anawamasulira bwino ndithu, koma anaiwala ulemu wa anthu ake, oti ngakhale moto uli m'thupi, wamkulu akawafunsa amati akupezako bwino.

Mapepala sanawotche. Anayambiranso.

Anawauza odwalawo kuti iye ndi yani, n'kuwapempha kuti azikhala nawo pabenchipo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho anawasiya eni matendawo kuti anene okha zimene zimawasowetsa mtendere. Pofunsa ankavula yunifolomu, operekeza n'kudikira panja. Ankayamba ndi moni wautali, wa ana ndi kunyumba komwe. Mafunso ena anawakonza, ena anawawonjezera.

Sizinayende myaa. Ena mwa mafunso atsopanowo anthu ankangowaseka, iye n'kuwataya. Odwala ena sankabweranso pamene ankafuna kuwafunsa kachiwiri kuti aone ngati mayankho awo sasinthasintha. Mapasa anadwala onse pakamodzi, monga amachitira mapasa. Kangapo konse analira, koma m'mawa ankapezeka pabenchi.

Pang'ono ndi pang'ono sikelo inayamba kunena zoona. Amene matenda anawapanikiza ankaoneka kuti apanikizika, amene ankapezako bwino ankaonekanso choncho.

Tsiku la mayeso omaliza, m'chipinda munali zii. Pulofesa ankawerenga buku la kafukufuku wa Make Mapasa osadzutsa mutu. Kenaka mkuluyo anaima pa funso lina mwa atsopano aja, n'kuliwerenga mokweza: "Kodi munasiya kupita kumene anthu asonkhana poopa kukana chakudya pamaso pawo?"

Anavula magalasi.

"Ine shuga ndakhala naye zaka zambiri," anatero motsitsa mawu. "Paukwati wa mwana wanga wamkazi ndinathawira m'galimoto anthu akudya. Madokotala andiyeza magazi mpaka zala kuchita zipsera, koma funso ili palibe anandifunsapo." Anatseka bukulo. "Mwakhoza, mayi."

 Make Mapasa anangogwira tebulo ndi manja onse awiri, n'kulira pamaso pa onse, osachita manyazi.

Inu amene mwabwezedwa pakhomo ndi ntchito yanu m'manja, imvani: kukanidwa kumapweteka, ndipo palibe chifukwa chonamizira kuti sikupweteka. Lirani ndithu. Koma mukapukuta misozi, bwererani kumene ntchitoyo inakukanikirani, mukhale pansi, mumvetsere. Musataye mtima mwayi ukadalipo, ngakhale utatsala umodzi wokha.