Mbewu Zanga pa Khomo la Msuweni

Ine sukulu ndinalekezera Giredi 5, aphunzitsi atayamba kusanjikiza manambala pamwamba pa anzake. Koma dzanja langa limalemba bwino, n'chifukwa chake kalabu yathu ya alimi, kuno kumidzi ya Katete, inandisunga pa ulembi zaka zambiri. Ntchito yanga inali kugawa mbewu ya nsawa mvula isanagwe, aliyense monga mwa kukula kwa munda wake, poyeza ndi meda, kachitini kathu koyezera mbewu. Ndinkawerengera pamutu, ndipo mutu wangawu, ndivomere, unkapendekera kwa anthu ondipatsa moni wabwino.

Chaka china alimi anatopa nane. Anapempha mtengwa wathu, mkazi wa mwana wanga wachisamba, amene amagwira ntchito ya mu ofesi kuboma, kuti atithandize ndi laputopu yake. Iye anajambula mabokosi: mayina mzere wake, kukula kwa minda mzere wake. Kenaka anaumba kanthu kakekake kowerengera, n'kukatcha GAWA.

Tsono vuto linali upongozi. Ine sindingakhale phewa ndi phewa ndi mkazi wa mwana wanga, mitu n'kumagundana pa galasi limodzi. Choncho laputopu anaiika pakhonde, iye n'kukhala kuseri kwa chitseko, n'kumandiphunzitsa ngati wailesi.

"Apongozi, GAWA ndi mthenga. Musamuuze nambala ayi, muzingomulozera kabokosi. Mukalemba C2 m'kati mwake, apita pa khomo limenelo, atenga munda umene waupeza, n'kukuuzani mameda a mbewu."

"Ndamva, apongozi."

"Amadziwa makomo okha, nkhope sadziwa."

"Ndamva kale," ndinatero. Chimene ndinamva ine ndi nkhuku imene inkajompha chimanga changa pabwalo.

Atabwerera kuboma n'kundisiyira laputopu, ndinayang'ana mayina aja ndipo mtima unandiwawa. Anawalemba monga momwe anthu anafikira. Pamwamba penipeni panali kamtsikana kongokwatiwa kumene, ka munda wonga mphasa. Ine, mkulu wa onse, ndinali pansi kwenikweni, chifukwa tsiku lolembetsa ndinachedwa pometa ndevu. Kwathu kuno mwana sayamba kusamba m'manja akulu alipo. Ndinafufuta mayina onse n'kuwalembanso ndi chala chimodzi: ine pamwamba, otsatira monga mwa zaka. Msuweni wanga, mayi wa lilime lakuthwa amene timanyozana chiyambire ubwana, ndinamutsitsira pansi penipeni dala, ngakhale ali ndi imvi. Mzere wa minda sindinaukhudze. Ndinati minda idziwa eni ake.

Tsiku logawa, mitambo inali itayamba kale kuda chakum'mawa. Mbewu ya kunyumba kwanga inali itadyedwa ndi makoswe, choncho munda wanga wonse unkayembekeza matumba a kalabu. Ndinaimirira pamaso pa anthu, mtengwa, amene anabwera kudzaonerera, atakhala patali pakati pa azimayi.

"Chaka chino palibe zodandaula," ndinalengeza. "Chimene makina anena, chanenedwa. Wotsutsa akatsutsane ndi magetsi."

Anthu anaomba m'manja. Ndinawerenga dzina loyamba, langa, mokweza. Kenaka ndinayang'ana kutsogolo kwake. Meda imodzi.

Ndinapukuta magalasi. Inali imodzibe.

"Werengani, alembi, mano akugwa kodi?" anatero msuweni.

Ndinawerenga. Phwando la kuseka! Nditafika pansi, dzina la msuweni linali ndi mameda asanu ndi atatu, anga enieni, pamene munda wake ungalimidwe ndi mphaka.

"Makina alakwa," ndinatero motsitsa.

"Iii, amuna anga, mwaiwala? Chanenedwa, chanenedwa. Kakanganeni ndi magetsi!" Msuweniyo, amene amanditcha mwamuna wake mwa nthabwala za chisuweni, anali atayala kale chitenje pansi kuti athiremo.

Ndinaponya diso kwa mtengwa. Iye sakanadzudzula apongozi ake pagulu. Anagwada, nkhope ataloza kumtengo, n'kulankhula ngati akuuza mtengowo.

"Mthenga sanasochere. Anapita pa makomo omwe anatumidwa. Kapena eni nyumba ndiwo anasamuka usiku osanyamula minda yawo."

"Anawasamutsa ndani?" anafunsa msuweni, maso ali pa ine.

Ndinavomera. Munthu ukaterereka pa anthu, kuli bwino kugweratu kusiyana ndi kuvina. Apa n'kuti enanso ataona kuti zawo zasokonekera, ndipo onse anagwirizana kuti mayina abwerere m'makomo mwawo, monga analili pa pepala lolembetsera. Msuweni yekha anakana kuchotsa chitenje chake.

"Ndichotsa akanena okha, ndi pakamwa pawo, kuti dzina lawo likhale kuti."

"Pansi," ndinatero.

"Sitinamve kuno, wailesi yatha mabatire."

"Pansi penipeni, mayi iwe!"

Anandilembetsanso mayina onse ndi chala changa chimodzi chija, anthu akudikira padzuwa. Kamtsikana kaja kanalandira koyamba, kakubisa nkhope m'chitenje. Ine ndinalandira potsiriza, za pansi pa thumba, zosakanikirana ndi makoko, koma mameda anakwana asanu ndi atatu. Mvula inagwa patapita masiku awiri, ndipo ndinabzala munda wonse mpaka m'malire.

Mpaka lero dzina langa lili pansi pomwepo. Msuweni akandiona panjira amafuula kuti, "Chitsirizira wa kalabu, wadzuka bwanji, mwanawe?" Ndimayankha ndithu. Nsawa zake zinabereka zochepa, ndipo amabwera kudzakazinga zanga.